Mphindi imodzi ya time-out: momwe woyimbira basiketibolo ndi a patebulo angaiyendetsere

Pa malamulo a bungwe la basiketibolo la padziko lonse la FIBA, omwe masewero a basiketibolo amayendera kuno ku Malawi pansi pa bungwe la BASMAL, komanso ku Zambia ndi ku Mozambique, time-out, nthawi imene mphunzitsi amapempha kuti masewero aime alankhule ndi osewera ake, imatenga mphindi imodzi. Lamulo lake ndi lalifupi, mwana wa sukulu angaliloweze tsiku limodzi. Koma pitani pabwalo Loweruka masana mukaone kumene phokoso limabukira m'kota yomaliza. Nthawi zambiri limabukira patebulo: mphunzitsi wina akuti anapempha kalekale koma sanamumvere, mnzake akuti timu inayo yapatsidwa nthawi yaitali, wolemba naye sakudziwa kuti atsala ndi ma time-out angati. Malangizowa ndalembera inu amene mwangoyamba kumene kugwira wezulo, ndi inu amene mumakhala patebulo ndi wotchi ndi pepala, poti mphindi imeneyi mumaisunga limodzi. Woyimbira payekha sangaikwanitse.

Yambirani patebulo mpira usanaponyedwe

Masewero asanayambe pamakhala mphindi 20 zokonzekera, ndipo zina mwa izo muzithere patebulo. Tebulo lokwanira limakhala ndi wolemba, womuthandiza, wosunga nthawi, ndi woyendetsa wotchi ya masekondi 24, nthawi imene timu ili nayo kuti iponye mpira kubasiketi. M'masewero a sukulu mumapeza awiri okha, mwinanso ndi osewera a timu imene ikudikira kulowa. Zimenezo zisakugwetseni ulesi, komanso musangoti akudziwa kale. Afunseni mmodzimmodzi kuti ntchito yake ndi yotani.

Wosunga nthawi akhale ndi mawotchi awiri. Wotchi ya masewero imaima pa time-out ndipo asaikhudzenso mpaka mpira utabwerera. Mphindi ya time-out imayezedwa pa wotchi ina ya m'manja. Ngati zonse zikuyendera mafoni, mafoniwo akhale awiri. Woyeza zonse pa foni imodzi tsiku lina adzafufuta nthawi ya masewero, ndipo palibe benchi imene idzavomereze kuti panatsala masekondi angati.

Yesani belu anthu akumva. Kumene kulibe belu lamagetsi wosunga nthawi amaliza wezulo, ndipo wezuloyo ikhale ya liwu losiyana ndi yanu, kupanda kutero osewera aziima pakati pa masewero poyesa mwayimba ndinu. Mugwirizanenso za woliza belu la time-out. M'malamulo akale inali ntchito ya wolemba, koma masiku ano ndi ya wosunga nthawi. Ambiri anaphunzira zakalezo, choncho mukapanda kunena, aliza onse awiri kapena aliyense adikira mnzake.

Chiwerengero chikhale m'mutu komanso papepala

Timu iliyonse ili ndi ma time-out awiri m'chigawo choyamba, ndiye kuti kota yoyamba ndi yachiwiri pamodzi, ndi atatu m'chigawo chachiwiri. Nthawi yowonjezera iliyonse, ya mphindi 5, ili ndi imodzi. Imene sinagwiritsidwe ntchito imathera pomwepo. Mphunzitsi amene sanapemphe ngakhale imodzi m'chigawo choyamba amayamba chachiwiri ndi atatu omwewo, osati asanu.

Atatu a chigawo chachiwiriwo ali ndi malire ake. Wotchi ikafika pa 2:00 m'kota yachinayi, timu singatengenso oposa awiri. Ndiye ngati yafika pamenepo isanatenge ngakhale imodzi, imodzi yapita. Wolemba, maso anu akhale pa wotchi nthawi imeneyo: ikangofika 2:00, dulani papepala lanu kabokosi koyamba ka time-out ka chigawo chachiwiri ndi mizere iwiri yopingasa. Mukadikira kuti mudzakumbukire pa nthawi imene mphunzitsi akupempha yachitatu, mudzaipereka.

Time-out ikaperekedwa mumalemba m'kabokosi mphindi ya kota imene yaperekedwera. Kota ndi ya mphindi 10, ndiye wotchi ikamaonetsa 6:20 padutsa mphindi 3 ndi masekondi 40, tili m'mphindi yachinayi, mulemba 4. Cholembera chofiira ndi cha kota yoyamba ndi yachitatu, chabuluu kapena chakuda ndi cha kota yachiwiri, yachinayi ndi nthawi yowonjezera. Mitunduyi imathandiza pakabuka mkangano, chifukwa 4 wofiira ndi 4 wabuluu ndi makota osiyana. Chigawo chikatha, timabokosi totsala timadulidwa ndi mizere iwiri.

Timu ikatenga time-out yake yomaliza, wolemba auze woyimbira, woyimbira akauze mphunzitsi pakamwa, momveka. Musangogwedeza mutu muli patali. Mphunzitsiyo akadzapemphanso, tebulo sililiza belu ndipo masewero amapitirira.

Wopempha ndani, apempha bwanji

Wopempha time-out ndi mphunzitsi wamkulu kapena womuthandiza woyamba, basi. Wosewera sangapemphe, ngakhale kaputeni. Mphunzitsiyo amapempha kutebulo, osati kwa inu woyimbira: ayang'anizane maso ndi wa patebulo kapena apite pomwepo, anene momveka, aonetse chizindikiro ndi manja. Akakuwa kwa inu muli pa liwiro, mulozereni kutebulo ndi dzanja, maso anu asachoke pa osewera.

Angapemphe nthawi iliyonse, ngakhale mpira ukuyenda. Tebulo limasunga pempholo mpaka mpata utapezeka. Angalibwezenso, bola belu lisanalire. Belu likalira time-out yalembedwa, ngakhale atapukusa mutu chotani.

Aphunzitsi ena amakonda kunena kuti, "Akachinya mundipatse." Pempho lotere musalilandire. Muyankheni mwaulemu kuti, "Akochi, mukupempha kapena ayi?" Akapempha, time-out imabwera pa mpata woyamba, kaya ndi basiketi ya adani, kaya faulo, kaya mpira watuluka. Ngati sakuifunanso, ndi udindo wake kuibweza nthawi ikadalipo. Wa patebulo asasenze ntchito yoganizira mphunzitsi.

Onse awiri akapempha, time-out imalembedwa kwa amene anayamba. Pali kamodzi kokha pamene sizitero: ikaperekedwa chifukwa cha basiketi, popanda faulo kapena cholakwa china, imapita kwa timu imene yachinyidwa, ngakhale wochinyayo ndiye anayamba kupempha.

Mpata: apa ndiye pagona ntchito yonse

Mpata wa time-out umatseguka pa nthawi zitatu, ndipo wosunga nthawi azidziwe osachita kuganiza.

Yoyamba ndi ya matimu onse awiri: mpira wafa, wotchi ya masewero yaima, ndipo woyimbira wamaliza kulankhula ndi tebulo. Zitatu zonsezi zikwane. Chachitatucho ndiye chimaiwalika. Mwayimba faulo, mukupita kukaonetsa nambala ya wolakwa, mtundu wa faulo ndi chilango chake, belu lija n'kulira muli pakati. Wolemba amasokonezeka, faulo imalembedwa kwa munthu wolakwika, ndipo cholakwacho chimadzaonekera kutsogolo pamene wina akutulutsidwa ndi mafaulo anayi m'malo mwa asanu. Wosunga nthawi, dekhani. Dikirani manja a woyimbira atsike. Ngati fauloyo ndi yachisanu ya wosewera, kumulowetsa wina m'malo mwake kumayamba kwachitika, kenako ndiye time-out. Osewera akadziwa kuti time-out yapemphedwa angathe kumapita kubenchi, palibe choletsa, koma mphindi siinayambe.

Yachiwiri ndi ya matimu onse awirinso: free throw yomaliza (mpira woponya popanda wotchinga pambuyo pa faulo) ikalowa.

Yachitatu ndi ya timu imene yachinyidwa yokha: basiketi ikalowa mpira uli m'masewero. Apa wosunga nthawi sadikira wezulo ya woyimbira. Mpira ukangodutsa mu neti, ngati ochinyidwawo anapempha, aimitse wotchi ndi kuliza belu nthawi yomweyo. Dzanja likhale lili pa belu kale mpira uli m'mwamba, chifukwa timu yothamanga imatola mpira ndi kuponya m'sekondi imodzi. Timu imene yachinya ilibe mpata pamenepa. M'mphindi ziwiri zomaliza za kota yachinayi ndi za nthawi yowonjezera wotchi imaima yokha basiketi ikalowa, ndipo aphunzitsi ambiri amayesa kuti poti yaima nawonso angapatsidwe. Sangapatsidwe, pokhapokha woyimbira atayimitsa masewero pa chifukwa china, kapena ochinyidwawo atayamba atenga yawo.

Mpata umatsekeka mpira ukakhala m'manja mwa woponya kuchokera kunja, kapena mwa woponya free throw yoyamba. Kunena zoona, lamulo likuti mpirawo ukangokhala poti woponyayo angautenge, ngakhale asanaugwire. N'chifukwa chake woyimbira wabwino amaponya diso kutebulo asanapereke mpira. Sekondi imodzi imeneyo imapulumutsa mikangano yambiri.

Pakati pa ma free throw palibe time-out. Pempho likabwera woponya atalandira kale mpira woyamba, lidikire. Lidzaperekedwa yomaliza ikalowa, kapena ngati pambuyo pake pali kuponya kuchokera kunja, monga zimakhalira pa faulo yaikulu yotchedwa unsportsmanlike. Yomaliza ikaphonya n'kudumpha pa ring'i, mpira ukadali m'masewero, ndipo mphunzitsi adikira mpata wina. Faulo ina, kupatula technical (faulo ya khalidwe losayenera), ikayimbidwa pakati pa ma free throw, malizani kaye oyambawo, perekani time-out, kenako chilango cha faulo yatsopanoyo.

Kota isanayambe kuwerenga nthawi, kapena itatha, time-out kulibe. Mphunzitsi amene akufuna kutalikitsa mphindi 2 zopuma pakati pa makota popempha time-out, muuzeni kuti adikire mpira uyambe.

Kuyambitsa mphindi

Belu likalira, woyimbira amene ali pafupi ndi tebulo amayimba wezulo ndi kuonetsa chizindikiro: chilembo T, chikhatho chimodzi chopingasa pamwamba, chala cholozera cha dzanja linalo pansi pake, kenako n'kuloza benchi imene yapempha. Chala chimenecho musachiiwale. T wa zikhatho ziwiri ndi technical, ndipo bwalo lodzaza likaona chizindikiro cholakwika limaphulika musanalongosole.

Wotchi ya m'manja imayamba pa wezulo ndi chizindikiro chimenechi. Siyamba pa belu, siyamba pamene mphunzitsi anapempha, siyambanso pamene osewera afika pabenchi. Wosunga nthawi ayang'ane manja a woyimbira, adine. Inu woyimbira musachedwetse wezulo pocheza ndi wosewera amene akudandaula, chifukwa masekondi amenewo mukuwapereka ulere kwa mabenchi, ndipo pa time-out yotsatira winayo adzawafuna.

Zochita mphindi ikuyenda

Osewera ali ndi ufulu wotuluka m'bwalo ndi kukhala pabenchi. Amene amakhala pabenchi angalowenso m'bwalo, bola asatalikire benchi yawo. Mphindiyo ndi ya matimu onse awiri, ndipo ndi yathunthu. Amene anapempha akamaliza pa masekondi 30 n'kubwerera m'bwalo, musayambitse masewero. Mphunzitsi winayo akadali ndi theka la mphindi lolankhula ndi ana ake, ndipo simungamulande chifukwa mnzake wafulumira.

Oyimbira, siyani mpira pansi pamalo pamene masewero adzayambirenso, mukaime tsidya lina la bwalo, kutali ndi mabenchi. Musapite kukamwa madzi pabenchi ya timu, musakalongosolere mphunzitsi faulo imene yapita. Mphindiyo ndi yanunso. Funsanani: mpira ndi wa ndani, ukuyambira pati, ngati ndi free throw woponya ndi nambala yanji ndipo aponya kangati, wotchi ya masekondi 24 yatsala pati, timu iti yafika mafaulo anayi m'kota imeneyi, muvi wa patebulo, wosonyeza timu yolandira mpira ukalimbiranidwa, ukuloza kuti. Nambala ya woponya inenedwe pakamwa, ndipo wolemba aidziwe, poti zimachitika kuti pobwera kubenchi pamzere paima wina wodziwa kuponya kuposa amene anachitidwa faulo.

Olowa m'malo mwa anzawo akadzionetse kutebulo time-out isanathe. Wosewera wovulala kapena wotuluka magazi, amene amayenera kutuluka, angapitirize kusewera ngati wachira mkati mwa time-out, kaya yapemphedwa ndi timu iti, bola belu lomusintha linali lisanalire. Yang'anani bala lake nokha, muone kuti magazi aleka ndipo lamangidwa bwino.

Masekondi 50, masekondi 60, ndi timu yozengereza

Pakadutsa masekondi 50 wosunga nthawi amaliza belu loyamba. Oyimbira awiri amasendera kumabenchi, wina uku wina uko, kukadzutsa matimu. Mawu ochepa akwana: "Akochi, nthawi yatha, tiyeni." Pa masekondi 60 belu lachiwiri limalira, woyimbira amayimba wezulo ndi kukodola matimu ndi chikhatho. Time-out imathera pa wezulo imeneyo.

Tsono pali mphunzitsi amene akadali chogwada, akujambulabe pa kabolodi kake, osewera atamuzinga. Masekondi 20 owonjezera amaoneka ochepa, koma kwa timu yotopa ndi mpweya, ndipo kwa mphunzitsi ndi sewero lina lathunthu limene mnzake, amene wamvera belu, sanapatsidwe mpata wolikonza. Womvera asamalangidwe chifukwa chomvera. Njira yake ili ndi masitepe, ndipo muwatsate mwa dongosolo lake. Choyamba chenjezani mphunzitsi wamkulu, momveka, tebulo likuona. Akapanda kulabadira, timu yake imalembedwa time-out ina. Ngati ilibe yotsala, mphunzitsiyo angapatsidwe technical chifukwa chochedwetsa masewero, adani aponye free throw imodzi, masewero apitirire pamene anaimira.

Langizo langa ndi lakuti chenjezo liperekedwe pa time-out yoyamba imene timu yachedwa, ngakhale mu kota yoyamba zigoli zili 6 kwa 4. Woyimbira amene walekerera kanayi konse n'kudzakhwimitsa patatsala masekondi 40 amaoneka wokondera, ndipo odandaulawo amakhala ndi mfundo. Mukaonetsa msanga kuti belu lachiwiri ndi lenileni, aphunzitsi amazolowera okha ndipo technical simudzaifuna.

Chimodzi chokha musachite, ngakhale ochemerera akukuwa chotani: kupereka mpira kwa timu imene yakonzeka pamene inayo ikadali pabenchi, kuti ikachinye pabwalo lopanda anthu. Chilango cha kuchedwa chinalembedwa kale, ndipo si chimenecho.

Timu ikachedwa kubwera pambuyo pa mphindi 15 zopuma pakati pa zigawo, imalembedwanso time-out, koma imeneyo siipatsidwa mphindi yake. Ikafika masewero amayamba pomwepo. Kuti zisafike apo, wamkulu wa oyimbira amayimba wezulo patatsala mphindi 3, ndiponso mphindi imodzi ndi theka, kota yoyamba ndi yachitatu zisanayambe, komanso patatsala masekondi 30 kota yachiwiri, yachinayi ndi nthawi yowonjezera zisanayambe.

Wotchi ikafika 2:00 m'kota yachinayi

Kuyambira apa, komanso m'mphindi ziwiri zomaliza za nthawi yowonjezera iliyonse, time-out imasintha ngakhale malo oyambira. Timu imene ikuyenera kuponya mpira kuchokera kumbuyo, mbali imene kuli basiketi yoiteteza, ikatenga time-out, mphunzitsi wake amasankha: ayambire kumbuyo komweko, kapena apite kutsogolo pa kamzere kakafupi ka m'mbali mwa bwalo, kamene kali mamita 8.325 kuchokera kumzere wakumapeto. Ufulu umenewu ndi wa timu imene yatenga time-out ndipo mpira ndi wake. Ngati yapempha ndi timu yoteteza, mpira suyenda.

Wamkulu wa oyimbira amufunse mphunzitsiyo time-out isanathe kapena ikangotha. Ayankhe mokweza, "frontcourt" kapena "backcourt", akuloza ndi dzanja. Akanena wanena, sangasinthe, ngakhale patabwera time-out ina pambuyo pake. Kenako mukamuuze mphunzitsi winayo, kuti naye aimike oteteza ake podziwa.

Wotchi ya masekondi 24 imatsata chisankhocho, ndipo woyendetsa wake asadine kanthu asanamve. Ngati timu yangolandira kumene mpira, monga itachinyidwa, kumbuyo ndi 24, kutsogolo ndi 14. Ngati mpira unali wake kale ndipo adani achita faulo kapena cholakwa china monga kumenya mpira ndi phazi, chimodzimodzi: kumbuyo 24, kutsogolo 14. Ngati unali wake ndipo wangotulutsidwa kunja ndi adani, kumbuyo wotchi imapitirira pamene inaima. Kutsogolo imatsikira pa 14 ngati inali 14 kapena kuposa, koma ngati inali 13 kapena kucheperapo imapitirira pomwepo. Mphunzitsi amene akutsogola ndi pointi imodzi patatsala masekondi 20 angasankhe kumbuyo dala kuti adye nthawi, ndiye musamuganizire nokha kuti afuna kutsogolo.

Belu likalira pa nthawi yolakwika

Belu la time-out silipha mpira. Likalira molakwika wina akuthamangira kukachinya, musayimbe wezulo. Kuwani kuti apitirize, mudzakonze mpira ukafa. Mukaona kuti osewera ena aima chifukwa cha belulo ndipo timu ina ikupwetekeka nazo, pamenepo imitsani, mulongosolere aphunzitsi onse awiri, mpira ubwerere kwa amene anali nawo. Zikakhala kuti tebulo linaliza pa nthawi yake koma phokoso linakuphimbani makutu, wosunga nthawi asakhale chete: wotchi ikhale chiimire, iye aimirire, alizebe mpaka mumuone.

Amene akuona ngati izi ndi zazing'ono akumbukire fainolo ya Olimpiki ya 1972 ku Munich. Doug Collins wa United States analowetsa ma free throw awiri, timu yake n'kutsogola 50 kwa 49 patatsala masekondi atatu. Belu la patebulo linalira iye ali mkati moponya wachiwiri, ndipo benchi ya Soviet Union inaumirira kuti inapempha time-out imene sinaperekedwe. William Jones, mlembi wamkulu wa FIBA, analamula kuti wotchi ibwerere pa masekondi atatu. Mpira unaponyedwa katatu konse kuchokera kumzere wakumapeto, ndipo kachitatuko Aleksandr Belov anachinya, Soviet Union n'kupambana 51 kwa 50. Osewera a United States anakana mamendulo a siliva. Malamulo a nthawi imeneyo anali osiyana ndi a lero, koma gwero la chisokonezocho ndi lomwe timakumana nalo pabwalo la sukulu: pempho linafika liti patebulo, ndipo belu linalira liti.

Zimene ana amaonera pa TV

Osewera athu ambiri anaphunzira basiketibolo poonera NBA, ligi ya ku United States, ndipo amabwera nazo m'bwalo. Ku NBA timu ili ndi ma time-out 7 a masekondi 75, ndipo wosewera amene timu yake ili ndi mpira angapemphe mpira ukuyenda. M'masukulu a sekondale a ku United States muli mitundu iwiri, atatu a masekondi 60 ndi awiri a masekondi 30, belu lochenjeza limalira patatsala masekondi 15, ndipo woyimbira amayenera kudziwa kwa mphunzitsi kuti akufuna iti. Kumeneko kupempha time-out imene mulibe ndi technical. Chris Webber wa Michigan anachita zimenezi mu fainolo ya makoleji ya 1993, timu yake ikutsalira ndi mapointi awiri, ndipo North Carolina inapambana 77 kwa 71.

Pa malamulo a FIBA palibe chilichonse mwa izi. Mwana akapanikizidwa pakona n'kukuwa kuti "time-out", wezulo yanu isalire. Pitirizani kuwerenga masekondi asanu amene wopanikizidwa amaloledwa kugwira mpira. Mpira ukafa muuzeni mofatsa kuti pempho limachokera kubenchi. Akamva kamodzi sabwerezanso.

Mukaitanidwa kukayimbira 3x3, basiketibolo ya atatu kwa atatu, siyani zonse za pamwambazi kunyumba. Kumeneko timu ili ndi time-out imodzi yokha ya masekondi 30, amapempha ndi osewera eni ake mpira utafa, ndipo m'mipikisano yoonetsedwa pa TV mumakhala ina iwiri yokhazikika, pa mpira woyamba kufa wotchi itadutsa 6:59 ndi 3:59.

M'mipikisano ya tsiku limodzi, kumene matimu ndi ambiri bwalo ndi limodzi, okonza amafupikitsa makota, ena amachepetsa ma time-out kapena kuyendetsa wotchi osaimitsa. Zimenezo n'zololeka pa mpikisano wawo, koma muzimve kwa iwo masewero oyamba asanayambe, zilembedwe papepala limene likhale patebulo, ndipo muwauze aphunzitsi onse awiri ali pamodzi: ndi angati, a masekondi angati, belu lochenjeza lilira pati, ndipo wotchi ya masewero iima kapena ayi.